Bambo amamwa morphine ndipo agwidwa ndi chimfine: asiye kaye mankhwalawo?

Mayi wina watumiza imelo. Bambo awo amamwa morphine tsiku lililonse chifukwa cha ululu wa khansa, ndipo tsopano agwidwa ndi chimfine chachikulu. Anamva kuti mankhwalawa amafooketsa chitetezo cha m'thupi, ndiye akufunsa ngati awasiyitse mpaka chimfinecho chitatha.

Amayi, musawasiyitse. Zomwe munamvazo ndi zoona ndithu. Morphine ndi fentanyl, mankhwala amphamvu a ululu a m'gulu lotchedwa ma opioid, amachepetsa mphamvu ya maselo a NK, omwe amapha maselo olowedwa ndi vairasi, komanso ya ma macrophage, omwe amameza tizilombo m'mapapo. Umboni wambiri wa izi unachokera ku nyama za mu labotale. Pa anthu, kafukufuku wa 2019 pakati pa asilikali opuma ntchito ku America anapeza kuti omwa ma opioid ankadwala chibayo kawirikawiri, makamaka omwa mlingo waukulu. Komabe ululu wosathetsedwa nawonso umafooketsa chitetezo, ndipo munthu wozolowera morphine akasiya mwadzidzidzi amasanza, kutsegula m'mimba ndi kutuluka thukuta. Wodwala chimfine sangapirire kutaya madzi kotero.

Chimene ndikufuna muyang'anitsitse ndi kapumidwe. Ma opioid amagonetsa mbali ya ubongo imene imalamula munthu kupuma mpweya woipa ukachuluka m'magazi. Amachepetsanso kutsokomola. Makhololo oyenera kutuluka amakhala m'mapapo, mabakiteriya monga pneumococcus amapezapo malo, chimfine n'kusanduka chibayo. Munthu wosinza amatsamwanso mosavuta, phala kapena malovu n'kulowa njira ya mpweya. Choncho adye atakhala tsonga ndiponso ali maso, agone mutu uli pamwamba, ndipo masana muziwakumbutsa kupuma mozama ndi kutsokomola.

Mlingo womwe anauzolowera ukhoza kuwakulira sabata ino. Thupi likatentha ndipo munthu sakumwa madzi okwanira, impso zimachedwa kutulutsa zotsalira za morphine, ndipo zina mwa izo zimagwirabe ntchito ngati morphine yemweyo. Mkodzo ukachepa kwambiri, adokotala amve tsiku lomwelo, chifukwa ndi iwo angachepetse mlingo kapena kusintha mankhwala. Kwa omata fentanyl pakhungu, kutentha thupi kumalowetsa mankhwala ambiri m'magazi, ndipo botolo la madzi otentha pamalopo limachita chimodzimodzi.

Ambiri amagwa pa zosakaniza. Mowa, diazepam, pregabalin, promethazine ndi mankhwala a chifuwa okhala ndi codeine, zonsezi zimawonjezera tulo ndi kuchedwetsa kupuma. Musawonjezepo chilichonse mwa izi popanda dokotala. Ngati matendawo ndi COVID-19 ndipo apatsidwa Paxlovid, adokotala adziwe mankhwala onse a ululu omwe akumwa: ritonavir yemwe ali mmenemo amachititsa kuti chiwindi chichedwe kuphwanya fentanyl ndi oxycodone. Pa kutentha thupi, paracetamol ndi wokwanira: munthu wamkulu 1 g maola 6 aliwonse, osapitirira 4 g patsiku, ndipo wowonda kwambiri kapena wodwala chiwindi amwe wocheperapo. Werengani mapaketi, pakuti mankhwala ambiri a chimfine ali kale ndi paracetamol. Za codeine ndiwonjeze pang'ono: musampatse mwana wosakwana zaka 12 kapena mayi woyamwitsa, chifukwa matupi ena amamusandutsa morphine mofulumira kwambiri.

Bambo akagona, ikani wotchi pafupi ndi kuwerenga kupuma kwawo kwa mphindi yathunthu. Wamkulu amapuma ka 12 mpaka ka 20. Akatsika pansi pa 10, akamavuta kudzutsa, mwana wa diso akachepa ngati nsonga ya singano, kapena milomo ikasintha mtundu, thamangirani kuchipatala ndipo musawapatse mlingo wotsatira. Mankhwala otchedwa naloxone amabweza mphamvu ya morphine m'mphindi zochepa, koma amatha msanga, pakati pa mphindi 30 ndi 90, choncho ngakhale atatsitsimuka ayenera kukafikabe kuchipatala. Kupuma kopitirira 24, kamakina koyeza okosijeni pachala kakamasonyeza pansi pa 92, kapena kutentha thupi kukabwereranso atayamba kupeza bwino, ganizirani chibayo ndipo apimidwe tsiku lomwelo.