Kodi mwana azipita ndi foni kusukulu?

FUNSO: Ndine mayi wa ku Dedza, ndipo ndimakhala ku Rosettenville, mumzinda wa Johannesburg ku South Africa. Mwana wanga wamkazi ali mu Giredi 9, amakwera minibasi ziwiri popita kusukulu, ndipo ine ndimaweruka kuntchito kutada. Sabata yatha aphunzitsi anamulanda foni italira m'kalasi, nanena kuti ndikaitenge ndekha. Kodi sukulu ili ndi mphamvu yochita zimenezi, poti foniyo ndinagula kuti ndizidziwa kumene mwana ali? Mayi wodandaula, Rosettenville.

YANKHO: Zikomo mayi. Nkhawa yanu ndi yomveka, chifukwa mwana amene amasintha minibasi pa siteji ya Bree kapena ya Noord madzulo ayenera kukhala ndi njira yolumikizirana ndi makolo ake. Komabe pa funso lanu, zimadalira malamulo a sukuluyo. Lamulo la South African Schools Act la 1996 limapatsa komiti ya sukulu iliyonse ya boma udindo wokhazikitsa malamulo a khalidwe itakambirana ndi ophunzira, makolo ndi aphunzitsi. Pitani mukapemphe chikalata cha malamulowo, muone ngati chikunena za kulanda foni komanso nthawi yoibwezera. Ngati simukugwirizana nawo, kadandauleni pamsonkhano wa makolo, pakuti m'komitiyo makolo ndiwo amakhala ambiri mwa ovota.

Ineyo ndikuona kuti aphunzitsiwo sanalakwe. Foni imene ili m'thumba la yunifolomu ikanjenjemera ndi uthenga wa pa WhatsApp, mwana amaweramira pansi pa desiki, ndipo pomadzadzutsa mutu amapeza aphunzitsi a masamu afufuta kale zimene analemba pa bolodi. Dziko la France linaletsa mafoni m'sukulu za ana ang'onoang'ono ndi a sekondale yoyamba mu 2018, ndipo mu 2023 bungwe la UNESCO linachenjeza kuti zipangizozi zisagwiritsidwe ntchito m'kalasi pokhapokha ngati zikuthandizadi pa maphunziro. Pa mayeso mpamene palibe n'kukambirana komwe: mu 2020 mapepala ena a matric, mayeso omaliza sekondale ku South Africa, anafalikira pa WhatsApp, chaka chomwecho kwathu mayeso a MSCE anathetsedwa atabedwa, ana n'kukalembanso mu 2021.

Ena amati foni imathandiza pofufuza pa intaneti, ndipo n'zoona, moti boma la chigawo cha Gauteng, kumene kuli Johannesburg, linagawa matabuleti m'sukulu zina mu 2015. Koma chipangizo chimene mphunzitsi akuchiyang'anira chimasiyana ndi foni ya mwana yodzaza ndi TikTok.

Choncho foni imene mwana wanu akufunikira ndi yapamsewu, osati yam'kalasi. Mugulireni kafoni ka mabatani kotsika mtengo, kamene ngakhale akuba a pa siteji ya minibasi sakakhumbira kwenikweni, azikazimitsa polowa pageti ndi kukayatsa poweruka. Pokatenga inayo, afunseni a ku ofesi ngati amasungira ana mafoni masana, ndipo muwasiyire nambala yanu yolondola kuti akakufunani mwadzidzidzi azikuimbirani okha.