Funsani Ankolo: Kagalu kathu kanali kamantha, pano katitopetsa

FUNSO

Ankolo ndithandizeni. Mwezi wa Febuluwale bambo a kunyumba anabwera ndi kagalu kamene anagula kwa anyamata ena pamsewu, kanali kowonda nthiti kuchita kuwerengeka, ana anakatcha Tayiga koma ukali wake unali dzina lokhalo. Masabata atatu oyamba kamangobisala kuseri kwa thumba la makala, munthu ukangotola tsache kamakodza pompo, mbale ikagwa kamathawa mchira uli pakati pa miyendo. Pano kali ndi miyezi ngati 7 ndipo mantha aja anatha koma eeh tatopa nako. Kadya masilipasi atatu, kanakoka chitenje changa pachingwe kukagona nacho m'matope, mpiru umene ndinadzala kuseri kanakumba wonse, alendo akangolowa pageti kayamba kuwadumphira ndi kuwanyambita. Bambo akuti galu wosekerera aliyense alibe ntchito, akuti tizikatsekera m'khola usana wonse ndi kumakathirira tsabola mu nsima kuti kaluse. Nditani?

Mayi wa ku Chilomoni, Blantyre

YANKHO

Mayi pepani za chitenje, koma ine nditawerenga kalata yanu ndinasekerera. Galu amene ali ndi mantha sasewera, amangofuna pobisala basi, ndiye Tayiga akafika poba chitenje n'kuthamanga nacho bwalo lonse ndiye kuti mumtima mwake wavomera kuti pano ndi pakwawo. Mwagwira ntchito yaikulu mwina osadziwa.

Tiagalu ta pamsewu tambiri timachotsedwa kwa mayi ake tisanakwane masabata 8, kenako kumangonyamulidwa padzuwa tsiku lonse kudikira wogula. Pomwe nthawi imene kagalu kamaphunzira kuti munthu ndi bwenzi ndi yomweyo, kuyambira masabata 3 kufika cha m'ma 12. Za tsachezo sindikufunsanso, alipo anakamenyapo nalo. Ndiye chonde tsache lisabwererenso pathupi pake ngakhale atalakwa bwanji, mukatero muwononga miyezi isanu ya ntchito yanu tsiku limodzi. Komanso kumukalipira madzulo chifukwa cha silipasi imene anadya m'mawa n'kutaya mawu, iye sagwirizanitsa ziwirizo, amangoona kuti mayi akabwera kumakhala ukali.

Za kutafuna, kagalu kamakhala ndi mano a ubwana 28, amayamba kuguluka cha pa miyezi 4 ndipo pofika miyezi 7 amakhala atamera akuluakulu 42. Nkhama zimayabwa nthawi imeneyi ndipo chizolowezi chotafuna chimapitirirabe ngakhale mano atatha kumera. Mupatseni chake chotafuna, chingwe chokhuthala chomanga mfundo kapena fupa lalikulu la ng'ombe laliwisi lakubutchala loti sangalimeze. Mafupa a nkhuku ophika ayi, amasweka ngati singano ndipo amatha kubaya m'matumbo. Nsapato yakutha musamupatsenso, iye sadziwa kusiyanitsa yakutha ndi ya kutchalitchi. Masilipasi alowe m'nyumba, zovala muziyanika m'mwamba, dimba mutchinge ndi nsungwi, makamaka ngati munathira manyowa a nkhuku chifukwa fungo lake kwa galu lili ngati kanyenya.

Koma gwero lenileni ndi mphamvu zimene alibe kozithera. Galu wa miyezi 7 ali ngati mwana wa Fomu 1 pa holide. Ndinali ndi wanga wakuda amene ankakumba dzenje pansi pa mpopi tsiku lililonse, ndikwirire akumbe, ndikwirire akumbe, mpaka ndinayamba kutuluka naye m'mamawa pa tcheni kuyenda theka la ola ndikumusiya anunkhize chitsa chilichonse chimene wafuna, pobwera amangomwa madzi n'kugwa pakhonde ngati thumba la chimanga. Dzenje linatha lokha. Ana anuwo apatseni ntchito yomuponyera mpira madzulo, onse akagona bwino.

Kudumphira alendo kumatheka kusiyitsa koma pamafunika nyumba yonse igwirizane. Akadumpha mutembenukireni msana, osamuyang'ana, osamukankha chifukwa kukankhako iye amaona ngati gemu yayamba. Miyendo yonse inayi ikangokhala pansi muyamikireni nthawi yomweyo ndi kumupatsa kabonya kamodzi. Muphunzitseni mawu amodzi oti "khala", tikabonya m'manja, mphindi 5 zokha patsiku. Vuto limakhala pamene inu mukuletsa koma ana akaweruka kusukulu akumuitanira pachifuwa.

Tsopano abambowo, muwawerengere ndime iyi mofatsa. Tsabola amangowotcha m'kamwa ndi m'mimba, galu amatsegula m'mimba basi, kulimba mtima sakupeza. Galu wokulira m'khola osaona anthu amaluma chifukwa cha mantha, ndipo amene amalumidwa kawirikawiri si wakuba, amakhala mwana wa aneba wobwera kudzatola mpira, mlandu n'kukhala wanu. Tayiga akadali mwana. Agalu ambiri amayamba kuuwa poteteza pakhomo akamayandikira chaka kapena chaka ndi theka, ndipo wakuba usiku amaopa phokosolo.

Musadabwe mantha akadzabwererako pang'ono, pa msinkhu uwu zimachitika, tsiku lina angouwa wilibala imene wakhala akuiona kuyambira kale. Mabingu a dzinja ndi makombola a pa Khirisimasi ndi Nyuwere nawonso amawabalalitsa. Musamukoke kumene wabisala, ngati wasankha kuseri kwa makala komwe kuja muyalireni chiguduli akhale.

FUNSO

Ankolo kagalu kathu posewera kanakanda mwana ndi dzino pamkono mpaka timagazi pang'ono. Sikanabayitsidwepo. Tidikire tione?

Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO

Osadikira bambo. Tsukani balalo ndi sopo pamadzi oyenda kwa mphindi 15 kenako mwanayo apite kuchipatala lero lomwe, mukanene kuti galuyo alibe katemera wa chiwewe. Chiwewe chikangoyamba kuonetsa zizindikiro sichichizika, ndipo tiagalu tating'ono natonso timafalitsa. Kagaluko musakaphe kapena kukataya, kasungeni pamalo poti sikangathawe muzikayang'anira masiku 10, kakayamba kusintha khalidwe, kutuluka dovu kapena kakafa, dziwitsani achipatala ndi a zaziweto msanga. Katemera wa chiwewe amayamba pa miyezi 3 ndipo muzibwereza chaka chilichonse. Ku Lilongwe kuno funsani ku LSPCA, bungwe losamalira ziweto, kapena ku ofesi ya zaziweto ya boma. Mayi a ku Chilomoni nanunso izi zikukukhudzani, kwanu kuli bungwe losamalira ziweto la BSPCA komanso a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akubaya agalu ulere mu Blantyre kuyambira 2015. Kadi ya katemera muzisunga pamodzi ndi mabuku akuchipatala a ana.