Rauta ya nyanga zinayi ndi mlambe wa ku Ngabu

Bambo ena a ku Nchalo andilembera sabata ino. Ali ndi golosale mbali ino ya M1 ndi nyumba yosungiramo katundu tsidya linalo, mamita ngati 400, ndipo wogulitsa wina wawauza kuti rauta (kabokosi komwaza intaneti popanda mawaya) ya mtundu wa Wi-Fi 6 ifikitsa intaneti konseko. Akufunsa ngati n'zoona.

Achimwene, nditawerenga ndinaseka, koma kuseka kwa munthu amene anapsapo kale. Ineyo anandiuzanso zomwezo.

Nthawi imeneyo ndinali ndi kashopu ka fotokope pa Ngabu, alamu anga akugulitsa mbewu ndi feteleza kuseri kwa msika. Tinapangana kuti tizisonkherana intaneti imodzi. Ndinakwera minibasi, kukhota Thabwa yense mpaka ku Blantyre, n'kubwerako ndi chirauta chakuda cha nyanga zinayi, chooneka ngati nkhanu. Mnyamata wogulitsa anachita kulumbira kuti chimafika kilomita. Pakhonde foni inkagwiradi bwino. Kungopitirira pa mjigo, zii! Ndinagulanso ka repeater, kachipangizo kolandira mafunde a rauta n'kuwaponya patsogolo, n'kukakulunga m'jumbo, n'kukapachika mu mtengo wa nimu. Dzuwa la Okutobala la kwathu kuno, lija limapitirira madigiri 40, linakawotcha sabata isanathe. Alamu anasiya kundipatsa moni wa bwino.

Manambala a pabokosiwo ali ndi tanthauzo, sindikana. Amanena mtundu wa Wi-Fi: ya 802.11b ya 1999 liwiro lake linkathera pa 11 Mbps, ya g ya 2003 n'kufika 54. Ya n ya 2009, imene pano akuitcha Wi-Fi 4, imayenda pa mafunde a 2.4 GHz ndi a 5 GHz omwe, pamene Wi-Fi 5 ndi ya pa 5 GHz pokha. Wi-Fi 6 luso lake n'kugawira mafoni ambiri nthawi imodzi popanda kulimbirana. Mukanakhala ndi loji yodzaza alendo ndikanati gulani lero. Koma onsewo ndi mpikisano wa m'nyumba. Rauta imamwaza mafunde ake mbali zonse ngati koloboyi, chonsecho inu mukufuna tochi. Ndipo ngakhale itakuwa chotani, kafoni kali tsidya lija kalibe mphamvu yoyankhira, makamaka kakakhala m'kati mwa njerwa ndi malata. Amene akugulitsa rauta ya m'nyumba kuti iwoloke msewu, kaya sadziwa kaya ndi wakuba, ndipo ndikamakula ndikumakhulupirira chachiwiricho.

Chinatiyanjanitsa ndi alamu ndi timawailesi tiwiri totumizirana intaneti toyang'anizana, kena padenga panga kena pa iwo. Tinatiika mu Seputembala, zinthu n'kuyenda myaa. Kufika Disembala netiweki inayamba kudukaduka. Ndinasintha mawaya, ndinatukwana kampani ya intaneti yosalakwa, mpaka tsiku lina ndili padenga ndinaona: mlambe wa pakati pathu, umene unali mbee chilimwe chonse, waphuka masamba. Mafunde sayenda ngati ulusi ayi, pakati pa ulendo amatupa ngati mimba. Akatswiri amati Fresnel zone. Pa mtunda ngati wanuwo, pa 5 GHz, mimbayo imatambalala mamita awiri ndi kanthu mbali iliyonse ya mzere, ndipo gawo lalikulu liyenera kukhala poyera. Masamba onyowa amameza mafunde. Wina anati tingodula nthambi. Kudula mlambe umene amayi a pamsika amatolapo malambe? Nkhaniyo ikanakathera kwa amfumu. Tinangowotcherera paipi ina pamwamba pa mlongoti.

Ndiye inu ganizirani magalimoto a nzimbe odzaza mpaka kumwamba aja. Mlongoti ukafupika, iliyonse yodutsa idzakudulirani netiweki.

Mphenzi nayo inandiphunzitsa mu Januwale wotsatira. Inagwa chapatali ndithu, koma mphamvu yake inatsata chingwe kuchokera padenga n'kupsereza rauta ndi kompyuta ya fotokope. Ndinali nditakana kugula kotetezera mphenzi ati kupulumutsa ndalama.

Tsono mugule chiyani?

Chingwe cha netiweki chimathera pa mamita 100, komanso simungakumbe M1. Gulani mawailesi awiri a panja a 5 GHz, monga NanoStation kapena LiteBeam a Ubiquiti, kaya SXT a MikroTik. Siyani 2.4 GHz, ili ndi tinjira titatu tokha tosapondana, 1, 6 ndi 11, ndipo pa Nchalo aliyense ali momwemo. Magetsi a wailesi iliyonse amakwera padenga pa chingwe chake chomwecho cha netiweki, koma mbali zonse ziwiri pakhale batire, waya wa m'nthaka ndi kotetezera mphenzi. Tsidya lija rauta wamba ikukwanirani. Musanatulutse ndalama kwerani padenga, muone ngati denga linalo likuoneka, ndipo mtengo uliwonse wouma umene uli pakatipo mufunse dzina lake.