Ulendo wa gofu kuchokera ku Kasungu: nthawi ndi mabwalo

Achimwene, nyamukani pakati pa May ndi August, ndipo muyambire ku Lilongwe Golf Club. Bwalo lake ndi la mayenje 18, ndipo kuchokera kuno ku Kasungu mumangotsata M1. Mukatha masiku awiri kumeneko, tsikirani kunyanja: Kasasa Club ku Dwangwa, pakati pa minda ya nzimbe, kapena bwalo la Mlambe ku Makokola, ku Mangochi, ngati banja likufuna kusambira.

Miyezi imeneyi kumakhala kozizira, mvula kulibe, ndiye munthu amayenda bwalo lonse osalema msanga. Udzu ukayamba kuuma mpira umagudubuka kwambiri ukagwa, choncho musamenye ngati nthawi ya dzinja, mudzaupeza utapitirira. Kunyanja vuto ndi mwera wa mu June ndi July. Umakankha mpira uli m'mwamba, ndiye menyani motsika, ndipo yambani m'mawa.

October musamuyese. Dzuwa la ku Mangochi masana silichita nthabwala. Kuyambira December mpaka March kuli ziphaliwali, ndipo ndodo yachitsulo m'manja pabwalo poyera ndi ngozi.

Imbirani kalabu pasadakhale, poti Loweruka nthawi zambiri kumakhala mpikisano wa mamembala. Funsaninso za malaya a kolala, ndodo zobwereka, ndi ndalama ya wonyamula chikwama.

Ngati muli ndi BP kapena vuto la mtima, kaonaneni ndi dokotala musanakonze zoyenda mayenje 18 tsiku ndi tsiku. Neti ya udzudzu musaiwale.