Achimwene opita ku Winnipeg, dizilo wa kuno amaundana

Achimwene, mwafunsa zinthu zinayi nthawi imodzi: laisensi ya Class 1 yoyendetsera mathiraki akuluakulu, malipiro, lendi ku Winnipeg kuno ku Canada, komanso ngati nzoona kuti thiraki imakana kulira kukazizira. Za laisensi ndi za nyumba akuyankhani ena. Ine ndiyankha za thiraki, chifukwa ndi zimene zidatsala pang'ono kundidulitsa zala zakuphazi.

Poyamba chotsani m'mutu kuzizira kwa ku Dedza mu Juni, ngakhale kwa pa Harrismith komwe tinkafunda mabulangete awiri tikamatsikira ku Durban. Inenso msewu wa Joni ndidauyenda zaka 7, Beitbridge, Nyamapanda, Tete, Mwanza, mpaka ndinkadziyesa katakwe. Kuno m'zigawo za Manitoba, Saskatchewan ndi Alberta, madigiri -30 a Celsius mu Januwale si nkhani yoti anthu nkuimbirana foni. Mu Januwale 2024 pa bwalo la ndege la Edmonton padatsika kupyola -40. Pamenepo chitsulo, labala, oyilo, batire, zonse zimasintha khalidwe, koma chimene chimagwetsa madalaivala atsopano ndi dizilo.

Mu dizilo muli phula longa la kandulo. Kukakhala kofunda limasungunuka, simuliona. Dizilo wamba, amene ku America amamutcha No. 2, akayandikira -10 amayamba kuchita mbuu, phula lija likugwirana timibulu, ndipo kukatsikabe timibuluto timatseka fyuluta. Thanki yodzaza, koma injini ikufa ndi ludzu. Ku Canada malo othirira mafuta amasintha okha dizilo malinga ndi nyengo komanso dera, amasakaniza ndi No. 1 amene amapirira mpaka chapa -40, ndiye mukamathira konkuno vuto limachepa. Tsoka limabwera ndi dizilo wochokera kofunda.

Chaka changa choyamba, mu Febuluwale, ndidakatenga katundu ku Oklahoma City. Kumeneko ndinkayenda ndi juzi yokha. Dizilo anali wotsika mtengo, ndiye ndidadzaza mathanki onse awiri mpaka pakamwa, pafupifupi malita 1,000, mumtima ndikuti bwana akondwa nane. Ndidakwera ndi msewu wa I-35 mpaka Kansas City, nkulowa I-29, kudutsa Sioux Falls, kudutsa Fargo, osathira ngakhale dontho. Usiku wachiwiri ndidagona kufupi ndi Grand Forks, boda ya Pembina ndi Emerson itatsala ola limodzi ndi pang'ono. Kunja kunali -33. A ku ofesi ankatilalatira mlungu uliwonse kuti tikuwononga mafuta posiya injini ikulira usiku, ndiye ndidaithimitsa nkuyatsa kahita ka kogona kaja.

Cha m'ma 3 koloko ndidadzidzimuka mano akugundana. Kahita kazima. Sindinkadziwa kuti kahitako kamamwa m'thanki yomweyo kudzera m'kapaipi kochepa ngati kolasira mankhwala, ndiye ndi kamene kamayamba kutsekeka. Ndidaliza injini, idavomera monyinyirika, utsi woyera tolo. Ndidati bola ndithawire kwathu. Nditayenda makilomita mwina 12, phazi lili pansi koma liwiro likungotsika, 90, 70, 40, kenako zii. Pambali pa msewu, mdima bii, mphepo ikudutsa m'chigwa chopanda ndi mtengo womwe wobisalapo.

Makaniko adafika patatha maola 3. Atamasula fyuluta adaiwalitsa ndi tochi kuti ndione: mkatimo munali zonona zachikasu ngati msuzi wa nyama ya mbuzi umene wagona mumphika. Adaika mafyuluta atsopano, kuthira mankhwala m'mathanki, kufunditsa thiraki ndi lona nkumauzira mpweya wotentha kunsi pafupifupi maola 2. Bilu idafika chapa madola 900 a ku America, ndipo kampani ija, imene inkandiletsa kusiya injini ikulira, idandidula theka la biluyo pa malipiro anga. Zala ziwiri za phazi lamanzere zidakhala dzanzi kwa milungu ingapo.

Kuchokera tsiku limenelo ndikachokera kummwera sindidzaza. Ndimathira ongondifikitsa, nkumaonjezera ndikamakwera kumpoto kuti wa m'thankimo azisakanikirana ndi dizilo wa kozizira. Mankhwala oletsa kuundana, monga Howes kapena Power Service ya botolo loyera, muzithira musanathire dizilo, akadali wofunda, kuti asakanikirane bwino. Phula likagwirana kale mankhwala amenewa salisungunula. Pamenepo mpofunika botolo lofiira la Diesel 911, la pa ngozi basi, osati lothira tsiku lililonse. Botolo lililonse ndi madola 20 mpaka 30, kutengera kukula kwake ndi komwe mwagula, ndipo pa truck stop amakwezerako. Mabotolowa muzisunga m'kati momwe mumakhala inumo, chifukwa m'bokosi la kunja nawonso amalimba. Mafyuluta awiri apadera ndi sipanala yake zisachoke pansi pa bedi, ndipo muphunzire kusintha nokha mu Okutobala, zala zikugwirabe ntchito. Mathanki musawasiye atatsika kwambiri usiku, chifukwa m'kati mumachita thukuta, madziwo amapita ku fyuluta nkukauma gwa ngakhale dizilo ali wabwino.

Ndaona wina akukulangizani kuti muzithirako petulo pang'ono, winanso akuti mbaula pansi pa thanki. Ndikuganiza kuti chisanu adachionera pa TV. Injini zakale zinkapirira zimenezo, koma zamakonozi zimapopa mafuta ndi mphamvu yopyola mabar 2,000, ndipo pampu ndi ma injector zimatereretsedwa ndi dizilo yemweyo. Petulo akazikukuta, ndalama yake mugwirira miyezi. Za mbaulazo sindiyankha.

Mukaimika pa yadi usiku, pulagani. Pafupifupi thiraki iliyonse ya kuno ili ndi block heater, kachitsulo kotenthetsa madzi a mu injini, ndipo soketi yake imakhala pansi pa chitseko cha dalaivala kapena chakutsogolo. Chingwe chikhale chanuchanu, chokhuthala, chosauma pozizira, chapa madola 60 kapena 80, chifukwa cha pa yadi chimayenda ndi mapazi. Mukapulaga mvetserani ngati kukumveka kaphokoso konga ketulo ikuyamba kuwira. Masoketi ena ndi akufa ndipo mumadziwa m'mawa. Musanachoke kumbukirani kuzula. Aliyense wa ife adakokapo chingwe mumsewu ngati mchira.

Koma block heater satenthetsa dizilo kapena mabatire. Batire pa -18 limakhala litataya pafupifupi theka la mphamvu yake, pomwe oyilo wa 15W-40 walimba ngati uchi ndipo sitata ikufuna mphamvu yoposa masiku onse. Nchifukwa chake makampani osamala amasinthira ku 5W-40 chisanu chisanafike. Batire limodzi lofooka pa anayiwo limakoka anzake onse. Mukaliza ikakana, musapitirire masekondi 30, pumitsani sitata mphindi 2, apo ayi muiwotcha. Ndipo ether, kachitini kopopera kothandiza kuliza injini kaja, musayerekeze pa injini imene ili ndi hita ya magetsi polowera mpweya. Imaphulika.

Ine kukatsika kupyola -25 ndili kutchire kopanda soketi, injini sindithimitsa, bwana anyinyirike. Ndimaikweza pang'ono kufika 900 kapena 1,000 rpm kuti itenthe bwino komanso mwaye usadzaze msanga DPF, sefa ya utsi wa injini. Imamwa malita 3 kapena 4 pa ola. Werengerani nokha usiku umodzi, muyerekeze ndi madola 900 aja. Injini ikamalira imabwezera dizilo wofunda m'thanki, nchifukwa chake ulendo wonse wochokera ku Oklahoma ndidayenda bwinobwino mpaka nditathimitsa.

DEF, madzi a urea oyeretsa utsi a m'kathanki ka chivindikiro cha buluu, amauma pa -11. Musadandaule, kathankiko kali ndi hita yake, amasungunuka mukuyenda. Kungoti musadzaze mpaka pakamwa chifukwa akauma amafufuma, ndipo musathiremo mankhwala aliwonse. Madzi a mu radiyeta osakaniza theka ndi theka ndi mankhwala oletsa kuuma amapirira mpaka chapa -37, ndiye kuno ambiri amaika mankhwala 60, madzi 40. Chizolowezi chathu choonjezera madzi a pampopi chitsalire pa Mwanza.

Mabuleki ndiye amachititsa manyazi. Mukayenda m'matope a chipale ndi mchere kenako nkumanga mabuleki a thirela akadali onyowa, pofika m'mawa nsapato zamatirira ku dramu. Mumanyamuka osadziwa kuti matayala ena sakuzungulira, pa ayezi amangoseseleka mwakachetechete, mukafika pa phula louma atha mbali imodzi. Musanaime yendani pang'ono phazi lili pa buleki kuti ziume, ndipo m'mawa yang'anani pagalasi mukukhota kuti tayala lililonse likutembenuka. Likakana, tsekerani matayala, masulani buleki ya thirela yokha, gogodani dramu ndi hamala mpaka mumve kuti thwa. Mathanki a mpweya muzikhetsa madzi madzulo aliwonse pokoka timawaya tija, chifukwa dontho limodzi likauma mu valavu mukhala pomwepo. Ngati adzakutumizani kumapiri a British Columbia, matcheni amatayala ndi lamulo kuyambira pa 1 Okutobala, ndipo msewu wa m'mapiri wa Coquihalla si malo ophunzirirapo kumanga tcheni koyamba.

Chinanso chimene palibe adandiuza: dizilo wa pa -30 akakudontherani pa dzanja lopanda gulovu, khungu limapsa nthawi yomweyo ngati mwagwira moto, chifukwa ndi wamadzimadzi koma wozizira kuposa ayezi. Posintha fyuluta valani magulovu a labala pansi pa okhuthala. M'thiraki musasowe chikwama chogonamo cha -30, kandulo, machesi ndi chakudya chouma cha masiku awiri.

Tsiku loyamba pa kampani afunseni maso ndi maso kuti lamulo lawo la kusiya injini ikulira ndi lotani kukazizira, komanso ndani amalipira thiraki ikaundana panjira. Akuyankheni pa uthenga wolemba, osati pakamwa. Za jekete, musataye ndalama pa kaunjika wa ku Tsoka kapena ku Limbe, zija nza chisanu cha ku England. Bwerani ndi imodzi yotsikira ndege, zenizeni ndi nsapato zake mudzagula konkuno, mukonzekere madola 400 mpaka 500.