Funsani Tikuyankheni: Msonkho wa fodya wathu ungatsale ku Kasungu?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine mlimi wa fodya kwa Santhe. Chaka ndi chaka mabelo athu amagulitsidwa ku Chinkhoma, msonkho n'kudulidwa, koma mvula ikagwa mlatho wa kwathu sitiwoloka. Kodi malamulo salola kuti Kasungu azisunga ndalama zake n'kumadzilamulira yekha?

YANKHO: Bambo, salola. Malawi si dziko la fedulo, momwe chigawo chilichonse chimakhala ndi boma lakelake. Malamulo oyendetsera dziko a 1994, pa ndime 172, amati ndalama za boma zizilowa m'thumba limodzi, lija timati Akaunti Nambala Wani, ndipo potuluka zimadzera mu bajeti imene aphungu avomereza. Msonkho umene MRA, bungwe lotolera misonkho, yadula pa belo lanu ukalowa m'menemo sudziwikanso kuti ndi wa kwa Santhe.

Ineyo pamenepa sindidandaula kwambiri. Kasungu akamadya zake yekha, nanga mwana wa ku Likoma, kopanda okushoni, aphunzira ndi chiyani? Ndime 13 imati boma lilimbikitse chuma chamsika, koma kupanga chuma kuziyendera limodzi ndi kuchigawa, ndiponso moyo wa kumudzi utukuke. Kungoti ndime 14 imati mfundozi n'zongounikira njira: khothi lingaziganizire poweruza, koma musayembekeze kuti ndime 13 payokha ikumangirani mlatho.

Pogwira penipeni ndi pa ndime 150. Imalamula boma kupereka ndalama zokwanira kumakhonsolo, komanso kulola khonsolo kusunga gawo la zimene yatolera yokha, monga zamatikiti amumsika ndi malaisensi amabizinesi. Ndondomeko ya Mphamvu ku Anthu ya 1998 inalonjezanso kuti makhonsolo azilandira 5 peresenti ya ndalama zimene dziko latolera. Kulemba anatilembera bwino, kuchita ndiye kwakhala kokoka miyendo. Pajatu dziko lino linakhala lopanda makhansala kuyambira 2005 mpaka 2014, ndipo DC amasankhidwabe kulikulu, osati ndi inu.

Ndiye za mlathowo yambirani ku VDC ndi ADC, makomiti achitukuko a m'mudzi ndi a dera la mfumu yaikulu, ulembedwe m'pulani yachitukuko ya boma lanu la Kasungu. Mukakumana ndi khansala, musavomere yankho lakuti "tikuyang'anapo". Mufunseni kuti chaka chino khonsolo yalandira zingati za misewu ndi milatho, zapita kuti, ndipo mlatho wanu uli pa nambala yanji pamndandanda.