Akufuna uzamba, koma masabata a mimba akumusokoneza

Mayi wina wandilembera kuti mtsikana wawo ali Fomu 4 ndipo mtima wake uli pa uzamba, koma phunziro la kakulidwe ka mwana m'mimba akaloweza lero, mawa laiwalika. Akufunsanso ngati zoterezi sizimuphunzitsa mwana zolaula.

Mayi, ndiyambe ndi nkhawa yachiwiriyo poti ndi yaifupi. Mutu umenewu uli m'silabasi ya Biology, ndipo amene adzagwire ntchito m'chipinda chochirira sangauthawe. Musamubisire buku.

Za kuiwalazo, ndikuganiza kuti mwana wanu wagwa m'mbuna yomwe ambiri amagwamo. Masabata a mimba amawerengedwa m'njira ziwiri. Kusikelo amayambira tsiku loyamba la msambo womaliza, n'kupeza masabata 40. Mabuku ofotokoza kaumbidwe ka mwana amakonda kuyambira tsiku lomwe dzira lakumana ndi umuna, ndiye amapeza masabata 38. Buku lina likati mtima umayamba kugunda kumayambiriro kwa sabata yachinayi, lina n'kuti yachisanu ndi chimodzi, palibe lomwe lanama. Asanaloweze nambala iliyonse, ayambe waona kuti akuwerengera pati.

Kenako atenge rula, kambewu ka mpunga ndi pepala. Tiwerengere kuchokera pomwe dzira lakumana ndi umuna. Pakatha pafupifupi sabata imodzi, kamwanako kamakhala katayenda mpaka m'chiberekero n'kumatirira ku khoma lake. Cha pa tsiku la 22 mtima wayamba kugunda. Pofika tsiku la 28, kanjira komwe kadzasanduke ubongo ndi mtsempha wa mumsana katsekeka, pamene kamwanako sikanapose kampunga kaja. Aike kambewuko parula, aone yekha mamilimita ake. Sabata yachisanu ndi chitatu ikamatha, kafika pafupifupi masentimita 3, timanja ndi timiyendo taoneka, ziwalo zikuluzikulu zonse zayambika. Ajambule mzere wa masentimita 3 papepala lija. Chimene dzanja lajambula sichiiwalika msanga.

Tsono apa ndi pomwe ndimafuna aganizirepo kwambiri, chifukwa ndi pomwe pagona ntchito imene akuifunayo. Zonsezi zimachitika mimba isanaonekere. Kwathu kuno mimba sitiulula msanga, ena amadikira mpaka chitenje chikwere ndiye n'kuyamba sikelo. Komatu mankhwala a folic acid, mamaikulogalamu 400 patsiku, amathandiza kanjira ka mumsana kaja kutsekeka bwino pokhapokha akamwedwa mayi asanaime kapena m'masabata oyambirirawo. Mayi wobwera mimba ili miyezi isanu, nthawi imeneyo yamudutsa. Mowa, fodya ndi mankhwala ongogula pagolosale ndi oopsa kwambiri m'nyengo yomweyi, pamene ziwalo zikuumbidwa. N'chifukwa chake bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO mu 2016 lidalangiza kuti mayi woyembekezera azionedwa kasanu ndi katatu, koyamba masabata 12 asanathe. Mwana wanu akamvetsa chifukwa chake, manambalawo akhala okha m'mutu.

Za sukulu, alimbikire Biology, Chemistry, Physics, Masamu ndi Chingerezi. Ndaonapo ana okhoza Biology bwinobwino akutsala pakhomo chifukwa cha Masamu, ndipo zimandipweteka. Digiri ya unamwino ndi uzamba imapezeka ku Kamuzu University of Health Sciences, yomwe idayamba ntchito mu 2021 pambuyo pophatikiza College of Medicine ndi Kamuzu College of Nursing. Palinso Malawi College of Health Sciences ndi makoleji a CHAM, bungwe la zipatala za mipingo, monga Nkhoma, Ekwendeni ndi Mulanje Mission. Musanalipire fizi pakoleji iliyonse, funsani ku Nurses and Midwives Council of Malawi ngati maphunziro ake ndi ovomerezeka, chifukwa chiphaso chogwirira ntchito chimachokera kumeneko.